Mpango wa aZigamba

Simbi ya makala ikakhalitsa pansalu n'kuyamba kutulutsa kafungo kowauka kaja, ine ndimaona agogo anga, amayi awo a amayi, atakhala pamphasa pakhonde la nyumba yawo kumudzi kwathu kuseri kwa Chitakale, atatambasula miyendo, mulu wa tizidutswa ta nsalu uli pamiyendopo, kabotolo ka fodya wa mphuno kali pambali. Kutsogolo kwa nyumbayo kunali tiyi wa esiteti, wobiriwira mpaka m'tsinde mwa phiri, ndipo m'mawa uliwonse tinkamva thirakitala ikupita kukatenga masamba, othyola tiyi akuitanizana madengu ali kumsana, kwinaku agogo akukupizira makala a m'simbi ndi chivundikiro cha poto, akuyetsemula, n'kumatukwana nkhuku m'Chilomwe. Nkhuku imodzi yokha ikaponda pansalu yawo, ankatha kuilalatira mpaka tiyi wa m'kapu kuzizira.

Dzina lawo la ubatizo linali Marita, koma ine ndinalimva koyamba pamaliro awo. Mudzi wonse unkawatcha aZigamba, chifukwa chilichonse cha m'nyumba mwawo chinali cholumikiza: katani wa pakhomo, thumba lopita nalo kuchigayo, ngakhale nkhata yosenzera madzi. Ali mtsikana anagwirapo ntchito yochapa ndi kusita kwa mzungu wina wa pa esiteti, ndipo kumeneko ndi kumene anaona mkazi wa mzunguyo akusoka chofunda cha tizigamba. Mayiyo ankagula nsalu zatsopano n'kuzidula dala, zimene agogo ankati ndi misala ya anthu okhuta. Iwo ankatola zotaya atelala, malaya akutha a bambo anga, mayunifomu athu ong'ambika, n'kumadula tizigamba tofanana mbali zonse zinayi, kukula kwake ngati chikhatho, n'kumatilumikiza ndi singano kamodzikamodzi.

Zipani zitachuluka m'dziko muno, agogo anapeza munda wosalima. Msonkhano wa ndale ukamveka pa Chitakale, ku Milonde, ngakhale ku Likhubula, iwo ankalawirira wapansi, n'kukaima kutsogolo kwenikweni, kuvina, kululutira, mpaka atalandira nsalu. Sabata yotsatira chipani china chikabwera, ankavinanso chimodzimodzi. Amayi zinkawachititsa manyazi.

"Amayi, anthu akukunenani kuti mulibe mbali."

"Voti ndimaponya tsiku limodzi," agogo ankayankha akufwenkha fodya. "Kuzizira kwa chiperoni kumabwera chaka chilichonse."

Nsalu zimenezo sankavala. Ankazidula n'kuzisakaniza ndi zigamba zina, moti pachofunda chawo diso la mtsogoleri wina linkagundana ndi khutu la mnzake amene ankanyozana naye pa wailesi. Agogo ankasisita pamenepo n'kunena kuti kwawo kuno onsewo amagona limodzi, ndipo palibe amakoka chofunda.

Akuluakulu ankaseka nawo, koma ine sindinkaseka. Kusukulu anzanga ankanditcha mdzukulu wa aZigamba, ndipo yunifomu yanga ikang'ambika pang'ono ankafunsa kuti mawa ndibwera ndi nkhope ya chipani chiti kumbuyo. Ndinali mwana wanzeru m'kalasi, ndipo nzeruzo zinkandiyenda m'mutu. Ndikawaona agogo pamsika atasenza thumba lawo la mawangamawanga, ndinkakhotera kuseri kwa ogulitsa nanazi kuti asandiitane.

Nditakhoza mayeso a Sitandade 8, ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko ku Dedza. Kalata ya kusukulu inatchula zoti ndipite nazo: yunifomu, nsapato zakuda, ndowa, mbale, kapu, ndi bulangete. Bambo ankagwira ntchito ku fakitale ya tiyi, ndipo atalipira fizi n'kugula zinazo, m'thumba munatsala mphepo yokhayokha. Ine maso anga anali pa bulangete lina la m'sitolo ya pa Chitakale, lofewa, lojambulidwa kambuku, lokhala m'pulasitiki ya zipi. Ndinawachonderera bambo kangapo konse kuseri kwa nyumba. Iwo anangoti tiona.

Kutatsala masiku khumi kuti ndinyamuke, agogo anandiitana. Monga mwa chizolowezi chawo, ananditcha dzina lachipongwe limene agogo aakazi amatcha adzukulu awo aakazi.

"Mkazi mnzanga, bwera kuno. Gwira uko, titambasule."

Tinayala pamphasa chofunda chimene anakhala akulumikiza kwa zaka zitatu, choti adzafunde okha. Chinali chikadali chikopa chapamwamba chokha, chopanda chamkati ndi chakumbuyo. Ndinaonapo kolala ya malaya a bambo, diresi langa la mu Sitandade 2, ndi maso a atsogoleri ali mbwee, onse akundiyang'ana.

"Ichi upite nacho ku Dedza. Ndamva kuti kumeneko madzi amauma m'ndowa."

Ndinangoti zikomo, mawu ali pansi.

"Koma sichinathe. Chilibe mkombero. Lichero lopanda mkombero ungapetere chiyani?"

Mkombero umene ankanenawo unali nsalu yamtundu umodzi yozunguliza mbali zonse zinayi, yogwira tizigamba tonse kuti tisamasuke. Vuto linali lakuti maso a agogo anali atachita ng'ala. Kulumikiza tizigamba ankatha ndi zala, bola wina awalowetsere ulusi m'singano, koma kudula nsalu yaitali mowongoka kunafuna maso. Amayi, poti inali nyengo ya mvula, tiyi atachuluka, ankachoka m'bandakucha kukathyola tiyi n'kubwera manja atatupa. Ndiye ntchitoyo inagwera ine, amene ndinali ndisanasokepo china choposa batani.

Kenako agogo analowa m'nyumba, ndinamva bokosi lawo la chitsulo likulira, n'kutuluka ndi kapulana yawo. Ndi mmene ankatchulira chitenje chimenecho, monga amachitira a kutsidya kwa malire. Inali yabuluu wakuda, ya timbalame toyera. Anawagulira ndi malemu agogo aamuna ku Milanje m'dziko la Mozambique, ulendo umene anapita kukaona abale nkhondo ya kumeneko itatha, ndipo chaka chotsatira mwini wakeyo anamwalira. Agogo sanaivalepo. Chilimwe chilichonse ankaitulutsa, kuiyanika, kuisita, kuiyeza ndi mikono ngati kuti mwina yafupika, n'kuibwezera. Aliyense pakhomo pathu ankadziwa ntchito yake, ngakhale ine. Inali yodzawakulungira akadzamwalira.

Amayi anali atangofika kumene, dengu lisanatsike bwino kumsana.

"Amayi, imeneyo ayi."

"Wakufa samva kuzizira. Uyu akupita ku Dedza wamoyo."

"Tipeza ina."

"Uipeza kuti? Zachipanizi n'zopyapyala, mkombero umafuna nsalu yolimba." Anaitambasula pamiyendo n'kugwira ngodya imodzi. "Koma mutu wanga wokha usadzapite wambulanda. Ndayeza kale. Mwanayu akadula mwanzeru, pangodya pano patsala mpango wathunthu. Umenewo ndi wanga, mudzandimange."

Amayi anangolowa m'khitchini.

Madzulo omwewo, dzuwa likadalipo, agogo anandiphunzitsa. Anatenga chingwe cha khonje n'kundigwiritsa nsonga yake.

"Usayeze m'mphepete. M'mphepete mumanama, manja akhala akukokamo zaka zitatu. Yeza pakati."

Tinagoneka chingwecho pakati penipeni pa chofunda, kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, iwo n'kumanga mfundo pamene chinalekezera.

"Malamba awiri aatali udule molingana ndi mfundo iyi. Ukawasoka, uyezenso pakati chopingasa, ndiye udule awiri aafupi. Udule ndi sizasi, osang'amba, ndipo udule chimene ukufuna chokha. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Lamba ulipinde pakati, chofunda uchipinde pakati, pakati pakumane ndi pakati. Ubaye phini pamenepo, ina kumapeto uku, ina uko. Chofunda chikaoneka ngati chatalika, uchinyengerere chilowe. Lamba usalikoke."

Ndinavomera zonse, koma mumtima ndinkati kodi munthu wosadziwa kulemba dzina lake angandiphunzitse kuyeza ine, amene ndinakhoza masamu kuposa anyamata onse a m'kalasi.

M'mawa mwake linali Lachinayi, tsiku la msonkhano wa amayi ku tchalitchi. Agogo anavala bulauzi yawo yoyera n'kunyamuka ndi ndodo, amayi anapita ku tiyi, ine n'kutsala ndi chofunda, kapulana, sizasi ndi chingwe chija chitakolekedwa pamsomali.

Ndinene zoona, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti unali ubwana chabe. Sindinalakwitse chifukwa chosadziwa. Zonse zimene anandiuza ndinkazikumbukira. Koma ndinayang'ana maso a atsogoleri aja, ndinaganiza za atsikana a m'tauni amene ndikagone nawo chipinda chimodzi, ndipo kamtima kena kanandiuza kuti chinthuchi chikapanda kuoneka bwino, bambo sadzachitira mwina, adzagula la kambuku lija. Chingwe sindinachikhudze n'komwe. Ndinacheka kapulana pang'ono ndi sizasi, ndinagwira uku ndi uku, n'kung'amba. Inalira kwee, kuchokera nsonga ina mpaka inzake. Ndinatero katatu, ndipo nsalu yonse inasanduka malamba anayi aatali ofanana. Ngodya ya mpango ija inathera momwemo.

Ndinagoneka lamba loyamba m'mphepete n'kuyamba kusoka kuchokera kumapeto, popanda phini ngakhale imodzi, masitichi akuluakulu oti chala n'kulowa. Mphepete ikakwinyika ndinkaikoka, lamba likatsalira ndinkalikokanso. Mchira wa nsalu wolendewera ukandisokoneza ndinkaudula pang'ono n'kutaya pansi, ukandisokonezanso n'kudulanso. Kunkatentha kotentha mvula isanagwe, singano inkaterera ndi thukuta, ndipo ine ndinkangofuna kuthana nazo. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni, mbali zonse zinayi zinali zitatha.

Nditachiyala pamphasa, chinakana kugona. Mkombero wonse unali mafundemafunde ngati m'mphepete mwa tsamba la mpiru. Ndikadinikiza apa, pankatukuka apo. Poyamba ndinamva kakukondwa, sindibisa. Kenako ndinayang'ana pabwalo, n'kuona tizidutswa tabuluu tili mbwee m'fumbi, nkhuku zikutipalasa, kambalame koyera kena katadulidwa pakhosi. Apo m'pamene kakukondwa kaja kanathera.

Agogo anafika limodzi ndi amayi, atakumana panjira. Anavula nsapato, anagwada pamphasa, n'kuyamba kuyendetsa manja m'mphepete mwa chofunda. Anayenda mbali imodzi yonse, anakhota pangodya, anayenda inzake. Zala zawo zinkakwera ndi kutsika pamafunde aja. Atazungulira konse anakhala tsonga.

"Chingwe chija chili kuti?"

Chinali pamsomali pomwe anachisiya, mfundo yake ili chimangire.

"Nanga mpango wanga?"

"Nsalu yake inali yaifupi, agogo. Sinakwane."

"Yaifupi," anabwereza motsitsa.

Nsalu imene anakhala akuiyeza ndi mikono yawo chilimwe chilichonse, ine ndinawauza kuti inali yaifupi. Amayi anayang'ana pabwalo, anayang'ana ine, n'kupita kukathyola mkwapulo pa mtengo wa pichesi.

"Musiye," anatero agogo. "Ukamumenya nsalu ilumikizana?"

Anatsika pakhonde chokwawa, bulauzi yoyera ya ku tchalitchi ili m'thupi, n'kuyamba kupapasa pansi. Akapeza kachidutswa ankakakutumula, kukauzira, n'kukaika m'chikhatho chamanzere. Kena kanali pafupi ndi zitosi, anakapukutira pachitenje chawo. Amayi anafuna kuwathandiza koma anawakankha dzanja. Ine ndinangoima, nditatsamira mzati, maso anga abwinobwino akuona tizidutswa tonse pamene tinali, iwo akutiphonya ndi zala n'kubwereranso. Sindinatole ngakhale kamodzi. Mpaka lero ndikakumbukira kuima kumene kuja ndimafuna kubisa nkhope.

Munthu amene ankalalatira nkhuku mpaka tiyi kuzizira, ine sanandinene liwu limodzi. Bambo atamva nkhaniyi anangopukusa mutu. Za bulangete la kambuku sanatchule, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa.

Kutacha ndinawapeza agogo ali kale pakhonde, chofunda chili pamiyendo, lezala ili m'manja. Ankafufuza sitichi ndi chikhadabo, kuidula, kusolola ulusi, n'kufufuza ina. Chala chawo chimodzi chinali chitamangidwa kansanza, ndipo pachigamba china choyera panali kadontho ka magazi. Ndinasesa pabwalo, ndinatsuka mbale, ndinapita kumjigo kawiri ngakhale mitsuko inali yodzaza. Zochita zitandithera, ndinakhala kumapeto kwa mphasa. Iwo osatembenuka anathyola lezala ija pakati n'kundipatsa theka.

Tinasomola mpaka dzuwa kufika pamutu. Kunkangomveka thirakitala kutali ndi nyemba za kalongonda zikubwata pamoto kuseri kwa nyumba.

"Unkafuna la kambuku lija," anatero kenako. Silinali funso.

Ndinaweramitsa mutu.

"Maso anafa, koma makutu ali moyo. Ndinkakumva kuseri uko ukuwalirira abambo ako." Anasolola ulusi wina n'kuukulunga pachala, poti ngakhale ulusi wosomola sankataya. "Ukadzayamba ntchito udzagule. Panopa tenga chingwe."

Apa ndi pamene ndikanapepesa. Koma ndinadzuka n'kukatenga chingwe.

Tinayamba ndi kusita malamba aja, poti anali atakokeka. Agogo anawaza madzi ndi zala, ine n'kumayendetsa simbi, nthunzi ya fungo la makala ikutikwera kumaso. Kenako ndinayeza lamba loyamba ndi mfundo ya pachingwe, ndipo linapitirira ndi chikhatho chathunthu. Sindinakhulupirire. Ndinayeza m'mphepete mwa chofunda, ndinayezanso pakati, n'kupeza kuti zoonadi m'mphepete munali motalika kuposa pakati. Masamu anga onse a ku sukulu anali asanandiuzepo zimenezo.

"Dula," anatero agogo, atatambasula kale dzanja.

Ndinadula, iwo n'kulandira kachidutswako n'kukamangirira pangodya ya chitenje chawo. Anachita chimodzimodzi pa malamba onse anayi. Ndinaganiza kuti mwina akufuna kudzapangira zingwe za nyali, ndipo sindinafunse.

Ndinapinda lamba pakati, ndinapinda chofunda pakati, n'kubaya phini. Tinali ndi mapini asanu okha, ndiye m'mipata ina agogo anandiuza kugwiriza ndi ulusi wotayana woti tidzausolole. Mphepete inkaoneka yochuluka kuposa lamba, ndipo ndinkafuna kukoka, koma iwo ankandimenya kadzanja.

"Nyengerera. Kuno pang'ono, uko pang'ono. Chilowa chokha."

Chinalowadi. Ndinasoka masiku anayi, masitichi ang'onoang'ono, agogo akutsatira m'mbuyo ndi chala, akapeza yaikulu n'kundibweza. Chala changa chapakati chinabooka n'kuchita chikanga. Titachiyala pamphasa tsiku lachinayilo, chinagona chokha, ngodya zonse zili gwa, ndipo timbalame toyera tinazungulira maso a atsogoleri aja mwaulemu. Mkati tinaikamo bulangete lakale la agogo lomwe linali litatha ubweya, kumbuyo matumba a ufa wa tirigu ochapa mpaka zilembo kufufutika, n'kupindira mkombero kumbuyoko. Tinamaliza kutatsala tsiku limodzi.

Pa siteji ya minibasi ku Chitakale, agogo anandipatsa chinangwa chophika chokulunga m'tsamba la nthochi.

"Ukafunde nkhope zili kumwamba, mkazi mnzanga, azibambowo azikuona ngati ukuwerenga."

Ndinaseka pang'ono, kondakitala akukankhira sutikesi yanga pansi pa mpando. Kupepesa ndinati ndidzapepesa pa holide.

Kusukulu ndinayala chofundacho chadodolido, matumba a ufa ali kumwamba. Zinayenda sabata ziwiri. Tsiku lina mtsikana wa bedi loyandikana ndi langa, Tamanda wa ku Lilongwe, anachitembenuza pofuna sokosi yake, ndipo chipinda chonse chinasonkhana. Anayamba kuloza maso ndi makutu, kutchula mayina a eni ake, kuseka mpaka kugwirana mapewa.

"Iwe Esinati, wakusokera ndani chimenechi?"

"Mayi wina wake wa kumudzi kwathu," ndinatero. "Mutu wake suyenda bwino."

Anaseka kwambiri, ndipo ine ndinaseka nawo. Holide yoyamba sindinapite kwathu chifukwa cha thiransipoti, ndinakhala kwa achibale a bambo ku Dedza komweko. Juni atafika, kuzizira kwake kolowa m'mafupa, mabulangete a m'sitolo aja anaoneka kupepuka kwake, ndipo Tamanda yemweyo ndi amene ankabwera kudzapempha kuti tifunde limodzi. Ankati mayi wamisala uja ankadziwa ntchito yake. Ngakhale pamenepo sindinamuuze kuti anali agogo anga.

Mu Julayi aphunzitsi aakulu anandiitanitsa m'kalasi. Bambo anali ataimba foni kuchokera ku ofesi ya esiteti. Agogo anadwala chibayo masiku atatu okha.

Ndinayenda tsiku lonse, basi kenako minibasi, n'kufika kumudzi chiperoni chikuwaza, phiri lonse litabisika m'nkhungu. Maliro anaikidwa m'mawa mwake. Nthawi yoona nkhope itakwana, amayi anandigwira dzanja n'kulowa nane pamzere. Thupi linali litakulungidwa m'nsalu yoyera imene amayi a ku tchalitchi anabweretsa. Nkhope inali yaing'ono kuposa mmene ndinkaidziwira. Ndipo kumutu anali atawamanga mpango wabuluu wakuda, wa timbalame toyera.

Unali wa tizidutswa tija. Ndinatizindikira tonse, tina ta m'fumbi, tina todula poyeza ndi chingwe. Misoko yake inali yokhotakhota, ulusi wamitundu yosiyana, wina woyera wina wofiira, poti wosokayo sankaona. Kambalame kena mutu unali uku, mapiko ali uko. Mzere unkandikankha kumbuyo koma ine ndinaima n'kumawerenga, ndipo pa mbali yooneka yokhayo ndinapeza tizidutswa khumi ndi titatu.

Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake, mosanyoza ayi, mwachikondi ndithu, kuti aZigamba apita ndi zigamba zawo.

Amayi anandiuza pambuyo pake kuti chichokereni ine, agogo m'mawa uliwonse ankapempha aliyense wodutsa kuti awalowetsere ulusi, n'kumalumikiza, kusomola, kulumikizanso, mpaka mpangowo unakwana kuzungulira mutu. Anausita okha n'kuuika pamwamba m'bokosi la chitsulo. Akulu awo a amayi atauona anati n'zochititsa manyazi pamaso pa anthu, ndipo anafuna kutuma munthu ku Chitakale kukagula duku latsopano. Amayi anakana, chifukwa agogo anali atanena kale kuti akadzawamanga mpango wina, iwo adzabwera kudzatenga wawowo okha.

"Ananenapo chilichonse za ine?" ndinafunsa.

"Ankangofunsa ngati mkombero sunamasuke."

Kumanda ndinalira mpaka amayi awiri kundigwira m'khwapa. Ndinamva anthu akunena kuti mdzukuluyu ankawakonda kwambiri agogo ake, ndipo mawu amenewo anandipweteka kuposa mkwapulo umene ndinaupulumuka uja, chifukwa ndinkadziwa chimene ndinkalirira.

Tsopano ndine mphunzitsi wa pulayimale konkuno ku Mulanje, ndipo Loweruka ndimasoka. Ndili ndi makina, ndili ndi tepi, koma ndikafika pa mkombero ndimayeza pakati, n'kudula chimene ndikufuna chokha. Bulangete la kambuku ndinaguladi ndi malipiro anga oyamba. Linatha ubweya m'zaka zitatu, ndipo pano amagonera galu. Chofunda chija chikadalipo. Atsogoleri ake ena anamwalira, ena anasintha zipani kangapo, nkhope zawo zinafufutika ndi kuchapa, koma kadontho ka magazi kaja kakuonekabe pachigamba choyera, ndipo mkombero sunamasuke paliponse.

Chili pabedi la mwana wanga wamkazi, nkhope zili kumwamba. Tsiku lina anabwera ndi anzake a kusukulu, ndipo ndili m'khitchini ndinamva mmodzi akuseka n'kufunsa kuti chinthu chimenechi anasoka ndani. Mwana wanga anayamba kuchita chibwibwi. Ndinasiya mpeni ndi tomato, ndinapukuta manja, n'kukaima pakhomo la chipindacho.

"Anasoka ndi agogo anga, aMarita," ndinatero. "Mkombero wokhawo ndinasoka ndine. Kawiri."